Azana ya ku Durban

Fungo la mbatata zikuwira ndi nsinjiro limandibwezera pakhonde la kwathu mpaka lero, ngakhale nditalimva m'khitchini ya eni ake. Amayi ankayamba kuphika futali dzuwa litapendeka, ndipo fungolo linkazungulira nyumba yonse, kulowa m'mabulangete, kutuluka pazenera, n'kumazunza anthu amene sanalawe kanthu chiyambire m'bandakucha. Chaka chimene ndikunenachi Ramadani inagwa m'nyengo yozizira. Mwera unkawomba tsiku lonse, ukugwedeza malata ndi kuthira mchenga m'mbale, ndipo milomo inkang'ambika ngakhale kwa ana amene sankasala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Folomu 1 pasekondale yoyendera, ndipo ndinkadziona ngati munthu wozindikira kuposa onse m'mudzimo.

Kwathu n'kumunsi kwa Khombedza, ukasiya tala n'kutsika ndi msewu wafumbi wopita kunyanja. Kumeneko kusala kudya timati kumanga, ndipo dzuwa likalowa timati tamasula. Mawu amenewa ndinakula nawo osawaganizira, monga mmene munthu saganizira dzina lake.

Ababa anali msodzi pa unyamata wawo, koma ng'ala inawatseka maso onse awiri ine ndisanamalize pulayimale. Ankangoona mbuu, osasiyanitsa mthunzi wa mtengo ndi kulowa kwa dzuwa. Manja okha ndi amene ankaona. Asodzi ankabwera ndi maukonde ong'ambika, iwo n'kukhala pamkeka pakhonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakoka ukonde, akusoka nkhope ili m'mwamba. Anthu ankanena, ndipo iwo sankatsutsa, kuti chiyambire unyamata wawo sanaphonyepo tsiku ngakhale limodzi la Ramadani, ndi chaka chimene anagona ndi malungo chomwe. Sankadzitama nazo. Koma m'nyumba tonse tinkadziwa kuti nyanja inawachokera, maso anawachokera, ndipo chonyadira chimene chinawatsalira chinali chimenechi.

Mzikiti wathu unali kumpoto, kuseri kwa madimba, ndipo mwera ukalusa unkanyamula azana, mawu a muazini oitanira anthu kumapemphero, n'kupita nawo ku Nkhotakota. Masiku ena azana tinkaimva, masiku ena ayi. Wotchi Ababa sankaikhulupirira, ankati imayenda mmene wafunira woipukusa. Choncho ntchito yanga inali iyi: dzuwa likatsika ndikwere pachulu cha kuseri kwa nyumba, nyanja ndiipatse msana, ndiyang'ane kumapiri a ku Dowa mpaka dzuwa libisike lonse, osatsala ngakhale kachidutswa. Kenako ndithamangire kukhonde, ndinene kuti lalowa, ndiwapatse kapu ya madzi m'manja. Nthawi imeneyo Amayi ankakhala ali pamoto, m'kakhitchini kautsi kopanda zenera. Alendo akabwera, Ababa ankandiloza ndi chibwano n'kunena kuti uyu ndi Asiyatu, maso anga. Ndinkachita ngati sindinamve, koma mumtima ndinkasangalala zedi.

Foni inafika kutatsala milungu itatu kuti mwezi wa Ramadani uoneke. Anatumiza ndi achimwene anga a Yusufu, amene ankagwira ntchito m'sitolo ku Durban, kudzera mwa munthu wa kwathu amene ankabwera kudzaona ana. Inali yogwirapo kale, galasi long'aluka pakona, batire lotha moti ukaichotsa pachaja inkazima usanafike pakhomo. Cholinga chinali choti Amayi azimva mawu a mwana wawo. Koma Amayi sadziwa kuwerenga, ndiponso ankaopa kuigwira ndi manja a usipa, ndiye woisunga ndinakhala ine. Achimwene ankatumiza mayunitsi a bandulo osafunsa kuti akutha bwanji.

Koma abale, chinthu chija! Sabata isanathe ndinali m'gulu la kalasi yathu, m'gulu la nyimbo za kaswida, ndi m'magulu ena a anthu amene sindinawaonepo n'kale lomwe. Ndinkaonera akazi akumanga mipango m'njira zosawerengeka, anthu akugwa panjinga, ena akutukwanizana nkhani za mpira umene sindinkaudziwa. Batire la sola linali m'chipinda chamkati, chamdima, mmene tinkasungamo matumba a usipa wouma. Ndikaweruka kusukulu ndinkangoponya chikwama n'kukakhala pansi mmenemo, mutu uli zyoli, chingwe cha chaja chitandigwira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Kumadrasa ndinayamba kujomba. Swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, ndinkaswali mothamanga, chipumi chili pamkeka koma maganizo ali pa amene wandiyankha. Ndipo poti nthawi zina ndinkaoneranso maulaliki a mashehe, ndinkadzinamiza kuti zonsezi ndi ibada, kupembedza ndithu.

Ramadani itayamba ndinapeza kuti kumanga sikuvuta. Njala sinkamveka, ludzu silinkamveka, maola ankangotha okha. Ndinadzitama kwa Amayi kuti chaka chino ndalimba, iwo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati ndikumanga pakamwa pokha, maso ndi zala zikudya tsiku lonse. Ndinaseka, ndikuti akuluakulu sadziwa zinthu.

Masiku khumi oyamba ndinakwera pachulu paja, koma mong'ung'udza. Foni sindikanapita nayo chifukwa cha batire lija, ndipo mphindi iliyonse imene ndinkaima pamenepo ndinkamva ngati anzanga akudya phwando ine kulibe. Tsiku la khumi ndi chimodzi mnyamata wina wa kumsewu analemba m'gulu la kalasi kuti atsikana a kunyanja amanunkhitsa kalasi ndi usipa. Ine wake kuti ndizisiye zimenezo? Ndinamuyankha, anandiyankha, ena analowererapo, nkhani inakolera ngati moto wa udzu. Kunja kuwala kunayamba kufiira, ndipo ndinadziwa kuti nthawi ya pachulu yayandikira.

Apa m'pamene ndinakumbukira kachithunzi ka mzikiti kamene ndinkakaona m'foni muja, kamene achimwene anasiyamo. Nditakatsegula ndinapeza nthawi zonse zisanu za swala zitandandalikidwa bwinobwino, ndi pokanikiza kuti foni izichita azana yokha nthawi ikakwana. Ndinadziona wanzeru kwabasi. Ndinati anthu akuvutikiranji ndi zulu, foni ikhoza kundiyang'anira dzuwa ine ndikumaliza kumuphunzitsa khalidwe mnyamata uja. Ndinakanikiza, n'kubwerera kunkhondo yanga. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine mwambiwo ndinkaudziwira pa mayeso a Chichewa basi.

Posakhalitsa azana inalira m'manja mwanga, mawu okoma, oyera, osati a muazini wathu wachifuwa uja. Ndinadzambatuka, kutunga madzi mumtsuko, n'kudutsa m'nyumba kupita kukhonde. Khonde lathu linayang'ana kunyanja, ndipo madzulo mthunzi wa nyumba unkaligwera msanga, choncho kunali kale kachisisira. Ababa anali atapinda ukonde, manja ali pamaondo.

"Lalowa?" anafunsa.

"Lalowa, Ababa."

Ananena duwa yawo, pemphero lomasulira, pang'onopang'ono, anamwa madzi, kenako anatenga tende imodzi, kachipatso kouma kotsekemera, pa zimene anapatsidwa kumzikiti Lachisanu. Ali mkati motafuna, Amayi anatulukira pakona ya nyumba atanyamula poto wa futali. Anaima. Sindidzaiwala mmene anaikira poto uja pansi, pang'onopang'ono, ngati muli mazira.

"Bambo a Yusufu, mukudya? Dzuwa lili apo."

Ndinayang'ana kumene analoza. Nsonga ya mgwalangwa wa pabwalo inali psuu, dzuwa likuiwala bwinobwino. Ababa analavulira m'dzanja zimene zinali m'kamwa, anaika kapu pansi, n'kutembenuzira nkhope kumene kunali kupuma kwanga. Anandifunsa, osakweza mawu, ngati ndinaliona dzuwa ndi maso anga. Ndinati ayi. Anafunsanso kuti nanga ndinanena bwanji kuti lalowa. Ndinayamba kufotokoza za foni, za kachithunzi ka mzikiti. Patapita nthawi yaitali ndithu, mwera unapuma pang'ono, ndipo azana yeniyeni inafika kuchokera kuseri kwa madimba, yachifuwa monga mwa masiku onse.

Achimwene anatifotokozera m'mawu amene anatumiza tsiku lotsatira. Durban ili kutali kummwera, ndipo nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga kumeneko kusiyana ndi kwathu. Foni inkadziwabe kuti ili ku Durban, palibe anaiuza kuti inasamuka. Shehe wa kumzikiti kwathu anati Ababa alibe tchimo poti sanachite dala, koma tsikulo ayenera kudzalibweza Idi ikapita. Kubweza. Mawu amene anthu ena amawanena chaka chilichonse osaona vuto, koma pakhomo pathu anali asanalowepo chifukwa cha Ababa.

Akanandimenya bwenzi zili bwino. Sanandikalipire, sananditchule dzina loipa. Anangouza Amayi kuti kuyambira tsiku limenelo azitula poto msanga n'kukayang'ana dzuwa okha. Kapu ankalandira m'manja mwa Amayi. Alendo akabwera ankangoti uyu ndi Asiyatu, n'kuthera pomwepo. Zinkandipweteka kuposa chikwapu, ndipo ndinkalira m'bafa kuti asandimve.

Amayi anafuna kuitsekera foni m'sutikesi yawo, kapena kukaigulitsa ku Khombedza tsiku la msika. Ababa anakana.

"Ukam'bisira munthu chakudya, ameneyo sanamange ayi," anatero. "Wangosowa. Isiyeni pomwe imakhala."

Mawu amenewo anandiyabwa. Ndinamva kuti akunena kuti ine sindingathe, ndipo kuyambira ndili mwana palibe chimene chimandiutsa ngati kuuzidwa zimenezo. Ndinang'amba kansalu pachitenje chakale, ndinadula ulusi wa ukonde, n'kupita nazo kwa Ababa pamodzi ndi foni. Ndinawapempha kuti aikulunge, amange mfundo ya asodzi imene ine sindingathe kuibwereza, kuti ndikamasula adziwe. Anapukusa mutu. Anati swaumu, kusala kumene, samangirana, aliyense amamanga yake. Koma anagwira zala zanga n'kuziyendetsa pa ulusi, kamodzi, kawiri, mpaka mfundo ija ndinaidziwa ndekha.

Kuyambira pamenepo, tikatha kudya dakwi, chakudya cha m'bandakucha tisanamange, ndinkanena niya, mawu otsimikiza kuti ndamanga, m'Chiarabu monga tinaphunzirira kumadrasa, kenako n'kuwonjezera yanga m'Chichewa chamumtima: lero ndamanga pakamwa, ndamanganso foni. Ndinkaizimitsa, kuikulunga, kumanga mfundo, n'kuisiya pamwamba pa thumba la usipa. Ndinkamasula tikatha futali ndi swala ya magharibi, ya dzuwa litangolowa, kuti Amayi amve mawu a achimwene. Nthawi imeneyo moto wa sola unkapita kubabu, ndiye foni sinkachedwa kuzima yokha.

Ndinkaganiza kuti ndikudziwa kumanga. Ndinali ndisanayambe n'komwe. Njala imene ndinkadzitama kuti sindiimva inabwera yonse pamodzi, ndi ludzu lomwe. Masana ankatalika mochititsa mantha. Zala zinkandiyabwa, chala chachikulu chikungoyenda chokha pantchafu ngati chikukankha zithunzi. Ndinkamva foni ikunjenjemera chonsecho ndinaizimitsa ndekha. Tsiku limodzi ndinalowa m'chipinda chija kasanu ndi kawiri, ndikunena kuti ndikukaona ngati makoswe alowa muusipa, mpaka Amayi anandifunsa ngati makoswewo andilemba ganyu.

Tsiku lachinayi ndinagwa. Ndinati ndingoona nthawi basi. Ndinamasula mfundo, ndinayatsa, ndipo nditadzutsa mutu mthunzi wa pazenera unali utasuntha kuchoka pakhoma lina kufika lina. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti nkhani ya usipa ija inali itaiwalika kalekale. Anthu anali akuseka zina, ndipo pa mauthenga onsewo panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti Asiyatu ali kuti. Ndinataya tsiku la Ababa chifukwa cha mkangano umene eni ake sanaukumbuke ngakhale masiku atatu. Ndinatuluka misozi ili mbwembwembwe, yaukali osati yachisoni, n'kukaima kutsogolo kwa mkeka wawo. Ndinawauza kuti ndamasula. Sanasiye kusoka. Anangoti amene wagwa pa swaumu amabweza, sasiya. Ndinabwerera m'chipinda muja n'kumanga mfundo zitatu.

Sindinagwenso mwezi umenewo, ngakhale kuti kunena zoona masiku ena ndinkaigwira nsalu ija n'kumaisisita ngati mwana wodwala. Ndinapeza kuti chimene chinkandithandiza n'kusakhala ndekha m'nyumba. Ndinabwerera kumadrasa, kumene anandilandira ndi funso loti ndinasamukira kuti. Ndikabwerako ndinkakhala pakhonde n'kuwakokera Ababa ukonde, ndikunena masura a m'Korani amene ndinaloweza, iwo akundikonza pamene ndalumpha. Ulusi unkanunkha nsomba ndi ndere, ndipo zala zanga zinayamba kuchita zikang'a. Kusukulu anzanga ankandiseka kuti bandulo yatha, ena ankanditcha shehe wamkazi. Mmodzi ndinatsala pang'ono kumuwomba ndi kope, koma ndinakumbukira kuti ndamanga, ndiye ndinangomuyang'ana moti anasamuka benchi.

Pachulu ndinkakwerabe madzulo alionse, ngakhale palibe anandituma. Ndinkaima pambali pa Amayi, iwo osandiyankhula, mpango wawo ukukupizidwa ndi mwera. M'masiku amenewo m'pamene ndinaliona dzuwa bwinobwino, ine amene ndinkati ndi ntchito yanga. Limatsika mwaulesi mpaka kukhudza phiri, kenako limathamanga. Ng'ombe zinkadutsa m'munsi zikuutsa fumbi, utsi unkakwera m'madimba, mileme inkayamba kutuluka mumlambe. Likabisika, Amayi ankatsika kutsogolo ine pambuyo, n'kukanena okha kuti lalowa. Ine ndinkaima pamzati, manja opanda kanthu. Tsiku lililonse ndinkati mwina mawa adzandituma, ndipo mawa lililonse ankatuma Amayi.

Idi inafika ndi mpunga, nyama ya mbuzi ndi madiresi atsopano onunkha m'sitolo. Titabwera kokaswali anthu anadzaza pakhonde kudzapereka moni. Bambo wina, mnzawo wa Ababa wa pa usodzi, anawayamikira mokweza kuti chaka chinonso amaliza mwezi wathunthu monga mwa chizolowezi chawo. Ndinali nditagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ababa akanatha kungoti alihamudulillahi, nkhani n'kutha. Koma anayankha kuti ayi, chaka chino ali ndi tsiku limodzi loti abweze. Bambo uja anafunsa ngati anadwala, iwo anangoti zinachitika basi. Dzina langa sanalitchule. Mpunga wa tsiku limenelo sindinaumve kukoma.

Patapita masiku atatu ndinamva Amayi akuwakonzera dakwi, ndipo ndinadziwa kuti tsiku lobweza lafika. Mudzi wonse unali utabwerera ku kudya masana, mafungo a nsomba zokazinga akuchokera mbali zonse, ndipo womanga anali Ababa okha. Ndinadzuka nanenso, ndinadya nawo, n'kukamanga foni ngakhale kuti Ramadani inali itatha. Palibe anandifunsa, palibe anandiletsa.

Mwera wa tsiku limenelo unali woopsa, moti asodzi sanalowe m'madzi, ndipo zinali zodziwikiratu kuti azana sitiimva. Dzuwa litatsika Amayi anatula poto, anapukuta manja pachitenje, n'kuyamba kulowera kuseri. Ababa anatsokomola.

"Khalani, mayi a Yusufu. Apite Asiyatu."

Amayi anabwerera kukhitchini. Ine sindinadikire kuti Ababa anene kachiwiri.

Pachulu paja mphepo inkafuna kundigwetsa. Pamwamba pa mapiri panali mtambo wautali wakuda, ndipo dzuwa linalowa mmenemo n'kuzimiririka. Kunachita mdima ngati kwathadi. Mtima unati thamanga, munthu wamkulu wauma kukhosi. Koma pakati pa mtambo ndi phiri panali kampata kowala, ndipo ndinati sindisuntha mpaka ndione chimene chichitike pamenepo. Amayi anakuwa kuchokera kukhitchini kuti kodi ndagona. Ine ndinangoyang'anabe pakampata paja. Mchenga unkandimenya m'miyendo, maso akutuluka misozi ndi mphepo, koma ndinangoti njo. Ndipo taonani, linatulukiradi pansi pa mtambo, lofiira, lathunthu, ngati likundiyesa dala. Ndinaliperekeza ndi maso mpaka linakhala theka, kenako kamzere, kenako kadontho. Kadonthoko katazima ndinaimabe pang'ono, kuti ndikhale wotsimikiza.

Ndinatsika mothamanga, ndinatunga madzi mwaphuma, theka n'kutayikira pamapazi.

"Lalowa?"

"Lalowa, Ababa. Ndaliona."

Sanatembenukire kwa Amayi kuti awatsimikizire. Anatambasula dzanja.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndinalembedwa mayeso n'kukhoza. Ndinkaganiza kuti ndikapita kusukulu Ababa ankalowa m'chipinda chija n'kupapasa mfundo zanga, akuwerenga masiku, ndipo ataona kuti akwana anandibwezera ntchito. Patapita zaka, iwo atatisiya kale, ndinawafunsa Amayi. Anandiseka. Anati Ababa sanaikhudzepo nsalu imene ija ngakhale kamodzi, sanafunsenso za iyo. Lero ndimagwira ntchito yolandira alendo paloji ina ku Senga Bay, foni ili m'manja kuyambira m'mawa, ndipo masiku ena imandigonjetsabe, moti ndimachita kuyambiranso. Ndikakumbuka madzulo aja sindionanso mtsikana wopambana mayeso. Ndimaona munthu wosaona, amene anali ndi tsiku limodzi lokha loti akonze, akulipereka kwa mwana yemwe analiwononga, popanda umboni wina ulionse koma mawu a mwanayo. Anamwa madzi onse amene anatsala m'kapu, n'kupempha ena.